Paradizo kapena Gehena: kodi alembi atilotere ziti za mawa?

Pali mtundu wina wa nkhani zopeka umene kuno kwathu sitidauzolowere kwenikweni. Mlembi amatenga nzeru za sayansi zimene zilipo lero, n'kuzikankhira kutsogolo zaka makumi asanu, zana kapena mazana asanu, kenaka n'kufunsa kuti: kodi anthu azidzakhala bwanji nthawi imeneyo? Azungu amazitcha science fiction. Ife tingoti nthano za m'tsogolo, poti nthano za agogo zimayamba ndi "padangokhala", pamene izi zikadayenera kuyamba ndi "padzakhala".

Alembi a nthanozi adagawikana pawiri ngati mudzi wolimbirana ufumu. Gulu loyamba limalota zokoma. M'nthano zawo matenda adatha, njala idaiwalika, makina akugwira ntchito zonse zolemetsa, ndipo mitundu ya anthu ikudyera mbale imodzi. Gulu lachiwiri limalota zoopsa. Kwa iwo mawa ndi dziko la fumbi ndi mitsinje youma, boma lokhala ndi maso ndi makutu m'chipinda chilichonse, anthu atasanduka ziweto za makina amene adapanga okha. Funso limene ndikufuna tisinkhesinkhe limodzi, awerengi, ndi ili: mwa awiriwa, ndani akutichitira zabwino, ndipo ndani akutinamiza?

Wina anena kuti aaa, awa ndi masewera a anthu okhuta, ife tikulimbana ndi mtengo wa feteleza. Koma taganizani bwino. Mnyamata wa ku Nsipe kapena ku Kasinje amene wagulitsa mbuzi za mayi ake kuti akwere basi ya ku Joni ali ndi nthano yake ya m'tsogolo m'mutu, ndipo nthanoyo ikuti kuno kulibe mawa. Mayi wa ku Tsangano amene akubzala mitengo yoti adzadyerere adzukulu ake nayenso ali ndi nthano yake. Munthu aliyense amachita za lero molingana ndi chithunzi cha mawa chimene wasenza. Choncho amene amajambula zithunzi zimenezi, kaya ndi mlembi, kaya wandale, kaya mlaliki, wagwira chida chakuthwa.

Mkanganowu ndi wakale. M'chaka cha 1516 Mngelezi wina, Thomas More, adalemba buku lotchedwa Utopia, lonena za chilumba chimene anthu ake sadziwa umphawi chifukwa chuma n'cha onse. Dzinalo adalipanga kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza malo amene kulibe, ngati kuti mwini wakeyo ankatitsinzinira diso. M'chaka cha 1966 ku America kudayamba sewero la pa kanema lotchedwa Star Trek, la anthu a mitundu yosiyanasiyana oyendera limodzi m'chombo cha mlengalenga. Mmodzi mwa iwo adali mayi wakuda, Uhura, dzina lochokera ku liwu la Chiswahili lotanthauza ufulu. Panthawiyo n'kuti anthu akuda a ku America akumenyedwa m'misewu chifukwa chofuna kufanana ndi anzawo. Mae Jemison, mayi wakuda woyamba kupita mlengalenga m'chaka cha 1992, adanena yekha kuti seweroli lidam'limbitsa mtima ali mtsikana.

Mbali inayo nayo ili ndi akatakwe ake. Aldous Huxley adatulutsa Brave New World m'chaka cha 1932, buku la dziko limene ana amapangidwa m'mabotolo ndipo anthu amapatsidwa mankhwala osangalatsa kuti asamadandaule. George Orwell adatulutsa Nineteen Eighty-Four m'chaka cha 1949: chipani chimodzi, chithunzi cha mtsogoleri paliponse, apolisi osaka maganizo a anthu, ndi mbiri yakale yolembedwanso nthawi iliyonse imene akuluakulu afuna. Amalawi amene adakula pakati pa 1966 ndi 1993 safunika womasulira buku limeneli.

Olota zoopsa ali ndi mlandu wawo womveka. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nkhanga zidapangana kusanapse. Nthano yoopsa imationetsa phompho tisanafikepo, nthawi yokhota ikadalipo. Koma vuto lake nali. Munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti zonse zidzaonongeka basi, mapeto ake amangoti: ndiye ndivutikirenji? Ngati phiri lidzakhala dazi ndithu, bwanji ine ndisadule mtengo wotsalawo ndiotche makala mnzanga asanaudule? Ngati andale onse ndi akuba mpaka kalekale, bwanji ndisalandire ndalama zawo za chisankho n'kukagona? Kutaya mtima n'kokoma mwa mtundu wake, abale, chifukwa kumatimasula ku udindo. Ndipo palibe amene amakondwa ndi anthu otaya mtima kuposa wakuba amene wakhala kale pampando.

Olota zokoma nawo ali ndi mfundo. Palibe adamangapo nyumba imene sadayambe waiona m'mutu. Ku Zambia, dzikolo likulandira ufulu m'chaka cha 1964, mphunzitsi wina, Edward Makuka Nkoloso, adalengeza kuti atumiza Azambia ku mwezi, ndipo ankaphunzitsa achinyamata ake powagubuduza m'migolo pa chitunda kufupi ndi Lusaka. Dziko lonse lidaseka. Koma patapita zaka, Namwali Serpell wa ku Zambia komweko adamuika Nkoloso m'buku lake The Old Drift la 2019, limene lidalandira mphotho ya Arthur C. Clarke m'chaka cha 2020, ndipo anthu adayamba kufunsa kuti: kodi choseketsa chidali migolo, kapena kuti munthu wakuda walimba mtima kulota za mwezi? Kuno kwathu William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002, koma adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakale ndi zitsulo zotola. Anzake ankati wapenga. Akadakhala mwana wongomva nthano za chionongeko, bwenzi atangokhala pakhonde.

Komabe maloto okoma ali ndi nyerere zake, monga nkuyu uja wokoma kunja. Ndipo mbiri ya boma lathu lino la Ntcheu ikutiphunzitsa chinthu chimene mkangano wa m'mabuku umachiphonya.

M'chaka cha 1953 Angelezi adatilowetsa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chidabwera ndi nthano yake yokoma: chuma cha maiko atatu pamodzi, mafakitale, magetsi, ubale wa Azungu ndi anthu akuda. Damu la Kariba lidamangidwadi pa Zambezi, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'midzi yawo kuti madzi apeze malo. Boma lomwelo la atsamunda lidalinso ndi nthano yoopsa. Alangizi ake ankati nthaka ya Nyasaland ikukokoloka, ndipo anthu akapanda kusintha malimidwe dziko lidzasanduka chipululu. Choncho adakhazikitsa malamulo okakamiza mizere ndi migula, wokana n'kumulipitsa kapena kum'tsekera. Inkosi ya Makhosi Philip Gomani, ku Lizulu, adauza anthu awo kuti asamvere malamulo a malimidwe, pofuna kuonetsa kuti akukana chitaganya. Boma lidawachotsa pampando. Adathawira ku Mozambique, Apwitikizi n'kuwabweza, ndipo adamwalira m'chaka cha 1954.

Tsono onani apa. Za kukokoloka kwa nthaka alangizi aja sankanama kwenikweni. Amene adaona damu la Mpira, lomwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, litauma m'chaka cha 2018, mvula itachepa ndipo mitengo ya m'mphepete mwake itatha, akudziwa kuti chenjezo lija lidali ndi choonadi chake. Nanga bwanji makolo athu adalikana? Adalikana chifukwa lidabwera ndi chikoti. Lonjezo la paradizo ndi chiopsezo cha gehena zidatuluka m'kamwa imodzi, ndipo zonse ziwiri zinkanena chinthu chimodzi kwa mlimi wa kwa Gomani: khala chete, ife tikudziwa za mawa ako kuposa iwe.

Msewu wa M1 ukadutsa pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza, pali malo aatali pamene msewuwo ndiwo malire: dzanja lino Malawi, dzanja linalo Mozambique. Tsidya linalo nako kudali maloto. Dzikolo litalandira ufulu m'chaka cha 1975, chipani cha Frelimo chidalota za munthu watsopano, midzi ya chitukuko yokhalira pamodzi ndi minda ikuluikulu ya boma, ina mwa iyo m'boma la Angónia loyandikana nafe. Samora Machel adalengeza kuti zaka za 1980 mpaka 1990 zikhala zaka zogonjetsa umphawi. Ambiri mwa malotowo adali a mtima wabwino: sukulu, zipatala, kuthetsa kusadziwa kuwerenga. Koma alimi ambiri adalowetsedwa m'midziyo osafunsidwa, ndipo zigawenga za Renamo, zothandizidwa ndi maboma a Azungu a ku Rhodesia ndi South Africa, zidapeza poyatsira moto. Zaka zolonjezedwa zija zidasanduka zaka za nkhondo. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri n'kukhazikika m'midzi ya kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, mpaka mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Woyenda pa msewuwo masiku amenewo ankaona masitolo opanda madenga tsidya lina, tsidya lino misasa ya othawa kwawo. Nthano ya chionongeko idali pamtunda wa mapazi khumi kuchokera pa windo la basi.

Nanga tsidya lino kudali paradizo? Dr Kamuzu Banda adalidi wolota. Ankakonda kusimba za maloto amene adalota m'ndende ya ku Gwelo, m'mene adakhala kuyambira 1959 mpaka 1960: likulu latsopano ku Lilongwe, yunivesite, ndi msewu wa m'mphepete mwa nyanja. Yunivesite idatsegulidwa m'chaka cha 1965, likulu lidasamuka m'chaka cha 1975. Ankanenanso kawirikawiri kuti anthu ake akhale ndi zinthu zitatu: chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Ndani angakane zimenezi? Koma m'paradizo yemweyo munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi la chipani. Bungwe loletsa mabuku ndi nyimbo lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza m'chaka cha 1983. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ngakhale Albert Muwalo Nqumayo, mwana wa kuno ku Ntcheu amene adali mlembi wamkulu wa chipani ndipo dzina lake linkanjenjemeretsa anthu, makina omwewo adam'meza: adanyongedwa m'chaka cha 1977. Maloto a munthu mmodzi akakhala lamulo, ena onse amagona ndi diso limodzi.

N'chifukwa chake sindidabwa kuti Amalawi atayamba kulemba nthano za m'tsogolo, adayambira pomwepa. Buku la Shadreck Chikoti, Azotus the Kingdom, limene lidapambana mphotho ya Peer Gynt m'chaka cha 2013 n'kusindikizidwa m'chaka cha 2015, likunena za ufumu wa mu Africa zaka mazana asanu zikubwerazo. Anthu ake amapatsidwa zonse zofunika pa moyo, koma amakhala motalikirana, moyang'aniridwa, osadziwa n'komwe kuti pali chinthu chotchedwa ufulu, mpaka mmodzi mwa iwo ayamba kufunsa mafunso. Kodi limenelo ndi dziko labwino kapena loipa? Mimba ili yokhuta, denga silidontha. Chimene chikusowa ndi pakamwa. Chikoti yemweyo adasonkhanitsa alembi a m'maiko angapo a mu Africa m'buku la nthano zazifupi lotchedwa Imagine Africa 500, limene adakonza ndi Billy Kahora wa ku Kenya. M'menemo Muthi Nhlema, Mmalawi mnzathu, adalemba za dziko lopweteka ndi kusintha kwa nyengo. Namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera mu March 2023, nthano zotere zidaleka kuoneka ngati za kutali.

Apa ndiye pagona mfundo yanga. Tikamakangana kuti nthano yabwino ndi yowala kapena yamdima, tikuyang'ana chikopa cha mbuzi m'malo moyang'ana mano ake. Funso loyenera kufunsa nthano iliyonse ya mawa ndi ili: m'dziko limenelo, kodi munthu wamba ali ndi chochita? Kodi angathe kunena kuti iyayi, n'kumvedwa? Paradizo wogwa kuchokera kumwamba, wopangidwa ndi makina kapena ndi ngwazi imodzi, amauza munthu kuti: khala pansi, zonse tikuchitira. Gehena wosapeweka amamuuza kuti: khala pansi, palibe chimene ungachite. Onse awiri amalanda munthu khasu m'manja. Ndipo nthano yolanda munthu khasu ndi yabodza, ngakhale itakoma chotani, ngakhale itaopsa chotani, chifukwa mbiri yathu yomwe ikuitsutsa.

Ikuitsutsa bwanji? M'chaka cha 1991 ndi anthu ochepa amene akadakhulupirira kuti ulamuliro wa chipani chimodzi utha mwini wake akadali moyo. Koma pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira ndi ogwira ntchito m'mafakitale adatuluka m'misewu, ndipo pa 14 June 1993 anthu wamba adasankha nyali pa riferendamu. M'buku la Orwell chipani chimapambana mpaka muyaya. Kuno sichidatero. Koma amene ankaganiza kuti matipate abweretsa mkaka ndi uchi nawonso adagwa chagada. M'chaka cha 1998 boma lidakhazikitsa masomphenya a Vision 2020, olonjeza kuti pofika chaka chimenecho Malawi adzakhala dziko la chuma chapakatikati, loyendera luso lamakono. Chaka cha 2020 chidafika theka la Amalawi lili paumphawi, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja okhala ndi magetsi adali pafupifupi limodzi pa khumi alionse. Mu January 2021 kudabwera masomphenya ena, Malawi 2063. Amenewanso ndi nthano ya m'tsogolo, kungoti yolembedwa m'maofesi. Tiyenera kuifunsa funso lomwe lija: mayi wogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu ali pati m'menemo? Ndi wochita, kapena wongochitiridwa? Akaona kuti zikupita kuthengo, akadandaule kwa yani?

Wina atsutsa kuti ndikusenzetsa alembi katundu wa andale. Mlembi si mlangizi wa zaulimi, ndipo nthano si chikalata cha chitukuko. N'zoona ndithu. Mlembi ali ndi ufulu wolemba mdima wokhawokha ngati ndi umene akuona, ndipo palibe bungwe loyenera kumulamula kuti aike mathero osangalatsa. Za mabungwe otero tidatopa nazo. Chimene ndikunena n'chakuti mdima woona umasiyana ndi mdima waulesi. Mdima woona umaonetsa mmene anthu adafikira kuphomphoko, phazi ndi phazi: ndani adasaina, ndani adakhala chete, ndani adaomba m'manja. Wowerenga akatseka bukulo amazindikira pamene njira idakhotera, ndipo amayamba kuyang'ana pokhotera pake. Chimodzimodzinso kuwala koona kumasiyana ndi kuwala kwa wotsatsa malonda. Kuwala koona kumaonetsa mtengo wake: ndani adasamutsidwa kuti damu limangidwe, anthu adakangana bwanji, adagwirizana bwanji.

Makolo athu a m'midzimu adaidziwa kale nzeru imeneyi, ngakhale sadawerengepo Orwell. Pokolola amasankha chimanga chabwino n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe. Imeneyo ndi mbewu. Njala ikafika pachimake, ngati ya 1949 kapena ya 2002, ana akulira, chimanga chija chili pomwepo m'maso mwa aliyense. Amene amati Mulungu aona, mawa zikhala bwino basi, amadya mbewu. Amene amati tonse tifa ndithu, nayenso amadya mbewu. Wosunga mbewu ndi uja amene akuopadi njala ya chaka chamawa, komanso akukhulupirira kuti mvula ikagwa iye adzakhalapo ndi khasu lake. Mantha ndi chiyembekezo zili mwa munthu mmodzi, ndipo zonse ziwiri zikumuuza chochita.

Chotsala n'chakuti nthano zimenezi zifike kwa eni ake. Mabuku a Amalawi amene ndatchulawa adalembedwa m'Chingelezi, chiyankhulo chimene mlimi wa ku Bilira kapena ku Kandeu sachezera madzulo. Tili ndi nthano zambiri za Chichewa zonena za dzulo ndi za lero, za ufiti, za chikamwini, za mwana wa m'tauni woiwala kwawo. Za m'chaka cha 2063 kapena 2100 n'zosowa. Zikatero ndiye kuti anthu ambiri a dziko lino amalandira mawa awo ngati kaunjika, osokedwa kale pa thupi la wina. Alembi achinyamata, tilembereni Ntcheu wa zaka zana zikubwerazo. Mukafuna, muumitse Mpira ndi Livulezi, muike makina oulukira pamwamba pa phiri la Chirobwe olondalonda anthu. Mukafuna, mudzaze mapiri ndi mitengo, magetsi a dzuwa awale mpaka ku Sharpevale. Koma m'nthano yanuyo pakhale munthu amene tingamuzindikire, wa chiyankhulo chathu, woima pamphambano, amene zochita zake zingasinthe kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akuluakulu, ndipo pamphuno pathu pali lero lokha basi. Nthano ya mawa yoyenera pepala ndi inki ndi imene imabweza wowerenga ku lero ali ndi funso m'kamwa ndi khasu m'manja.